Munda wa a NaMbewe pa Khoma la Kuseri

Ana inu, khalani pansi apa pa mphasa, ndipo mafoni anuwo muwaike m'matumba. Agogo anu aakazi, a NaMbewe, apita ku msonkhano wa mphakati pamodzi ndi mayi wanu Monika, choncho ndili ndi mpata wolankhula popanda wondidula mawu, chinthu chimene sichichitika kawirikawiri m'nyumba muno.

Dzulo ndinakumvani mukuseka. Musakane. Khutu langa lakumanzere ndilo linatopa, koma lakumanja likugwirabe ntchito yake mokhulupirika. Munaona agogo anu akuwaza madzi pa khoma la kuseri, ndipo iwe Yosefe unanong'oneza Tereza kuti, "Agogo akusambitsa nyumba." Kenaka Tereza anafunsa kuti, "Nanga vija vagirini ni vichani?" Mwana wa mwana wanga, mawu oterowo uziwasiya pa geti pamodzi ndi matope a ku nsapato. Muno timati: zobiriwira zija n'chiyani?

Dzina lake ndi ndere. Si udzu, ndiponso si nkhungu imene imamera pa buledi wogona. Zilipo ndere za m'madzi, zoterera zija zimene zimagwetsa amayi pa chitsime, koma za pa khoma ndi mtundu wina. N'zazifupi, sizifika ngakhale utali wa chikhadabo cha Tereza, ndipo zimamera mothithikana ngati ubweya wa bulangete latsopano. Zimakonda m'ming'alu ya simenti, pakati pa njerwa, m'mphepete mwa ngalande, malo amene palibe anazibzala ndipo palibe anaziitana. M'chilimwe zimatuwa ngati imvi zanga, munthu n'kumati zinafa kalekale. Koma dikirani, ndifika pamenepo.

Ine ndi agogo anu tinakwatirana tili achichepere, komabe nyumba imodzi tayamba kukhalamo titakalamba. Mukudabwa, poti masiku ano mwamuna akapita ku msika mkazi amamuimbira foni kumufunsa wafika pati. Ine ndinali kalaliki wotayipa makalata m'maofesi a boma kuno ku Chipata, pa makina aja olira ngati matalala pa malata, amene ukalakwitsa chilembo chimodzi unkayambanso pepala lonse. Iwo anatsala ku Chipangali, m'mudzi wa amayi awo, kumene kunali minda yawo. Ukwati wathu unali wa pa njinga. Mwezi ukatha ndinkamangirira kumbuyo mchere, shuga, palafini ndi sopo wautali uja wodula ndi mpeni, n'kupalasa mpaka miyendo itaiwala kuti ndi yanga. Nthawi yogula thonje ndinkapempha malo pa lole yopita kukanyamula mabelo, ndipo ndinkafika kumudzi tsitsi litafiira ndi fumbi, ana anga omwe osandizindikira. Pobwerera njinga inkalemera ndi ufa, mtedza, umene inu mumati nshawa, chigumu chokulunga m'masamba a nthochi, ndi nkhuku yomangidwa miyendo imene inkandinyoza njira yonse.

Inu mukuwadziwa agogo anu ali ndi ndodo m'manja. Mukanawaona ali ndi khasu. Mizere yawo inkawongoka kuposa mizere ya pa makina anga. Nkhokwe yawo sinkaonetsa pansi, ndipo ana athu onse anaphunzira sukulu ndi thonje la m'manja mwawo, malipiro anga akungothandizira. Ndikunena zimenezi iwo palibe, chifukwa akanakhalapo akanati ndikuwanamiza kuti andiphikire ndiwo za chiwawa chotendera.

Nditapuma pa ntchito ndinkaganiza zowatsatira kumudzi. Koma matenda a shuga anatiyambirira. Maso awo anayamba kuchita chifunga, ndipo pofika masika a chaka chimenecho sankathanso kusiyanitsa chimanga ndi kaufiti. Adokotala anati ayenera kubayidwa mankhwala tsiku lililonse, mankhwalawo azisungidwa pozizira, ndipo aziwaona kawirikawiri, apo ayi pambuyo pa maso padzatsatira mapazi. Ndinakawatenga m'nyengo yachisanu, n'kuwabweretsa m'nyumba ino. Mumtima ndinkakondwa, ndisakubiseni. Ndinkati tsopano ndidzamwa tiyi wam'mawa ndi mkazi wanga ngati amuna ena.

Iwo sanakondwe. Ankakhala chete kuseri kwa nyumba, manja ali pa maondo, manja amene anali asanakhalepo pa maondo chibadwire. Anayamba kuonda. Ndinadzaza dothi m'matumba akale a simenti, n'kubzalamo mpiru, ndipo ndinawatsogolera kuti akakhudze. Anapapasa thumba limodzi, nafunsa, "Bambo a Monika, uwu ndi munda kapena katundu wa paulendo?" Ndinagula wailesi, anati imalankhula kwambiri ngati mwini wake. Tsiku lina ndinawauza kuti apirire, dzinja likubwera, mtima udzatsika.

"Dzinja la kuno n'la chiyani?" anatero. "Mvula ikagwa imagwera pa malata ndi pa simenti. Ingosokosa, n'kuthawira mu ngalande ngati mbala. Ine ndikhale pano kumvetsera mvula ikutayika?"

Kenaka anauza mayi wanu kuti aimbire achimwene a agogo anuwo, a Gabiriyele Mbewe, kuti mvula yoyamba ikagwa adzawatenge. Ana inu, mvetsani bwino apa. Kwathu kuno mkazi sakhala wa mwamuna monga ikhalira njinga. Ali ndi mwini mbumba, ndiye mlongo wake wamwamuna, ndipo iyeyo akabwera mwaulemu, mlongo wake n'kunena yekha kuti ndikupita, mkamwini alibe chingwe chomumangira nacho. Ndinadziwa kuti akapita sadzabweranso, ndiponso ndinadziwa zimene zinkawadikira kumudzi, kutali ndi chipatala, msewu utadzaza matope.

Mwezi wa Okutobala unatentha chaka chimenecho, mapiri otizungulirawa atapsa, akungoti mbuu. Tsiku lina masana ndili m'nyumba kusita malaya ndi simbi yanga ya makala, imene mpaka lero ndikuti imaposa ya magetsi, ndinamva akundiitana.

"Bambo a Monika! Mwaika chiyani pa khoma apa?"

Ndinawapeza atakhala pa kampando kawo pafupi ndi mpopi, chikhatho chili pa njerwa.

"Sindinaike kanthu, amake Monika."

"Pali kanthu. Poyamba panali pokhakhala ngati chipere. Ndasamba m'manja, ndakunkumulira madzi pamenepa, tsopano pafewa ngati msana wa mwana wa mphaka."

Ndinavala magalasi, n'kugwada. Ndinkazidziwa ndere zimenezo monga munthu adziwira mdani, chifukwa chaka chilichonse Khirisimasi ikamayandikira ndinkazipala ndi burashi yawaya ndisanapake laimu. Khoma lonse zinali zotuwa, koma pamene panagwera madzi panali pobiriwira, kubiriwira kwa chimanga chongomera. Ndinawauza zimenezo. Sanakhulupirire, anati ndikuwasangalatsa ngati mwana. Anatumiza kapu, naika chala pamalo ena ouma, nandiuza kuti ndithire pang'onopang'ono. Pothira ndinayamba kunena Atate Athu chamumtima, ndipo ndisanafike pa chakudya chathu chalero, imvi zija zinali zitasanduka msipu. Timasamba tosaoneka bwino ndi maso tinatambasuka pansi pa chala chawo.

"Mayo ine," ananong'ona. "Chilimwe chonsechi zinali moyo? Pa njerwa? Popanda dothi?"

Ndakhala ndi moyo zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, ndaona mitengo ikuluikulu ikugwa ndi chilala, ndaona mbewu za m'mapaketi okongola zikufota dzuwa litawala sabata imodzi. Koma kanthu kamene kangathe kuuma gwa miyezi yonse ya chilimwe, n'kudzuka ndi madzi osambira m'manja, osadandaula, osachedwa, sindinakaonepo kwina. Kalibe mizu yeniyeni. Kamadya fumbi limene ife timasesa.

Kuyambira tsiku limenelo agogo anu anayamba kudzuka m'mamawa ngati kale. Ankapapasa khoma kuchokera pa mpopi mpaka pa ngodya, akuwaza madzi, akuchotsa tizinyalala ndi timazira ta akangaude, ati kupalira. Ankayeza ndi chikhatho kuti aone ngati zafutukuka. Anayamba kudya bwino, anayambanso kundikalipira, ndipo ndinadziwa kuti thanzi likubwerera. Mwanthabwala ankati ndi munda wawo. Uthenga wa kwa achimwene awo sanaubweze, koma sankautchulanso, ndipo ine ndinasamala kuti ndisawakumbutse.

Tsopano mverani zimene anachita anthu awiri achikulire, mmodzi mlimi wotchuka, wina wophunzira. Mmawa wina anati, "Zikukula mochedwa. Zili ndi njala." Ine ndinavomereza ndi mtima wonse, ndipo mpaka lero ndikuti kaganizidwe kathu kanali kolongosoka: chilichonse chobiriwira chimadya, ndipo chimene chakula popanda chakudya chiyenera kukula koposa chikadyetsedwa. Ndinkafunanso kuti mundawo ukule udzaze khoma lonse, kuti mwini wake asowe mpata woganizira za Chipangali. Tinakangana pang'ono ngati pakufunika feteleza wokulitsa kapena wobereketsa. Iwo anati popeza mbewu yamera kale, pakufunika wobereketsa, woyera uja. Ndinakapempha kwa a Zulu a nyumba yoyandikana nafe, amene amalima m'mbali mwa phiri. Ine ndinkayeza ndi kachitsekero ka botolo, mosapitirira ndi mosaperewera, iwo akukanikizira timibulu m'nderemo ndi chala chachikulu monga achitira pa phando la chimanga. Tinathirira, n'kukamwa tiyi ngati anthu amene agwira ntchito.

Mmawa mwake zinali zitafiira. Pakutha pa sabata zinali zitada, zikufumbutuka ngati fodya wopserera.

Musaseke, Yosefe. Chabwino, sekani pang'ono, koma dziwani kuti tsiku limenelo m'nyumba muno munalibe woseka. Agogo anu anapapasa khoma lonse kawiri, napukuta zala pa chitenje.

"Chinthu chinakhala chokha zaka zonsezi," anatero, "burashi yanu inachilephera, dzuwa linachilephera. Ndabwera ine, ndachipha. Manja anga atha ntchito, bambo a Monika. Ndinyamulireni zovala."

Ndinati mlandu ndi wa tonse awiri, poti woyeza ndinali ine. Iwo anabwerera pa kampando, manja pa maondo.

Mvula yoyamba inagwa Lachinayi masana, yamphamvu, fungo la dothi n'kudzaza tauni yonse. Mmawa wa Loweruka alamu anga a Gabiriyele anagogoda pa geti, atavala jekete lawo la ku tchalitchi ndi nsapato za mphira. Inu simunawaone bwino. Anali munthu wamtali, wa mawu ngati ng'oma, ndipo chikwatirire ine mlongo wawo sananditchulepo dzina langa.

"A Kalaliki!" anafuula. "Mwamusunga bwanji mlongo wanga? Ndamva kuti mwamudyetsa mapepala mpaka watha."

"Takulandirani, alamu. Lowani, mukhale pansi, timve za kumudzi."

"Za kumudzi n'zakuti ng'ombe ndazisiya zikuyang'ana goli, anzanga akubzala. Tiyi ndimwa, koma basi ya masana isandisiye."

Titapatsana moni monga mwa mwambo, ndinalankhula mawu amene ndinawakonza usiku ndi usana. Ndinafotokoza za mankhwala, za kuzizira kumene amafuna, za mapazi, za mtunda wa kuchipatala. Ndinalankhula bwino, ziganizo zonse zili m'malo mwake. Alamu anamvetsera mpaka kumapeto, nati, "Mwalankhula ngati wailesi, a Kalaliki, ndipo zonse n'zoona. Koma taonani mikono yakeyo. Kumudzi mwina adzafa ndi shuga. Kuno akufa ndi kukhala. Ine sindinabwere kudzalanda munthu. Anene yekha. Mlongo, tikupita kapena ayi?"

"Tikupita, achimwene," anayankha.

Chikwama chinali kale pakhomo. Ndinayang'ana pansi, poti mwamuna wa msinkhu wanga sayenera kuonetsa nkhope yotero kwa alamu ake.

"Koma pali munda wopsa kuseri," anapitiriza. "Chibadwire sindinasiyepo munda uli chomwecho. Anthu adzati NaMbewe anatentha mbewu n'kuthawa. Ndibzalenso, kenaka tinyamuke."

"Munda? M'tauni muno?" Alamu anapita kuseri, nabwerako akupukusa mutu. "Ndaona khoma lakuda. Munda uli kuti?"

"Ndi umenewo. Bambo a Monika, mbande tikazipeza kuti?"

Ndinawauza kuti chigwere mvula ndinaziona zitabiriwira m'malo angapo popita ku msika. Anati nditenge mpeni wa patebulo ndi lichero. Kufikira tsiku limenelo anali asanatulukepo pa geti kupatula popita kuchipatala ndi kutchalitchi, ndipo kumenekonso ankapita pa galimoto, atatseka pakamwa. Tsopano anatuluka wapansi, dzanja lina pa mkono wanga, lina likuyenda pa makoma a anthu. Alamu ankatitsatira m'mbuyo, akuyang'ana dzuwa ndi kung'ung'udza.

Sitinapite patali. Pa khoma la mpanda wachitatu anaima.

"Izi?"

"Ndi zomwezo."

"Nanga bwanji simunandiuze kuti a nyumba iyi nawonso amalima?"

Tinazipezanso m'mphepete mwa ngalande, pa masitepe a sitolo ya nsalu, pansi pa thanki ya madzi kuseri kwa chigayo, ndi pa njerwa zakale za maofesi amene ndinagwiramo ntchito zaka zonse zija osaziona. Iwo ndiwo ankayamba kuzipeza, chala chisanafike n'komwe. Ankati pamene pali ndere khoma limapuma mozizira. Zina anazikana, ati zoonda. Zina anati n'zabwino koma tisatenge zonse, tisiyire mwini khoma mbewu. Pa masitepe a sitolo paja anapeza zina zitatulutsa timapesi towonda ngati tsitsi, tili ndi timitu tozolika kunsonga.

"Achimwene, bwerani mukhudze. Zabereka! Popanda feteleza!"

"Ine ndikhudze ndere? Kumudzi zadzaza pa dambo, ng'ombe zikuzipondaponda."

"Za pa dambo zili ndi madzi pakhomo, n'zaulesi ngati inu. Izi zikulima pa simenti, pamene anthu akuponda tsiku lonse."

Tangoganizani, ana inu: ine, munthu wodziwika, tayi ili pakhosi, nditagwada pa khonde la sitolo Loweruka m'mawa, ndikusenda ndere ndi mpeni wodulira buledi. Anyamata a njinga zonyamula anthu anaima kuti aonerere. Wina anafuula, "Mdala, ndiwo zavuta kunyumba?" Mayi wina wogulitsa tomato anandiyandikira mwaulemu, nafunsa chapansipansi ngati ndi mankhwala a miyendo, kuti nayenso akatengere apongozi ake. Mwini sitolo anatuluka, naona masitepe ake akuyera, nati ndikamaliza ndipitirire kuseri. Ine ndinkangomvetsera agogo anu akufunsa kuti msewu uwu ukupita kuti, fungo ili ndi la chiyani, belu likuliralo ndi la tchalitchi chiti. Miyezi yonse ija anali asanafunsepo kanthu kalikonse ka m'tauni muno.

Tinabwerera lichero litadzaza, alamu ndiwo atalisenza, poti ine ndinali ndi mkono umodzi wokha wopanda ntchito. Agogo anu anandilamula kutsuka khoma lopsa lija ndi madzi ambiri, koma anati pamenepo tisabzalepo chaka chino, nthaka yake yakwiya. Anasankha mbali ya ku mpopi, kumene dzuwa la masana silifika. Ankabenthula tizidutswa, n'kutikanikizira m'mipata ya njerwa ndi chala chachikulu, mzere wowongoka ngati ya ku Chipangali, ine ndikuwaza madzi pambuyo pawo. Alamu anakhala pa kampando kaja, chipewa pa bondo, akutiyang'ana. Anasiya kung'ung'udza. Ndinaona kuti sakuyang'ana khoma. Ankayang'ana manja a mlongo wawo.

Dzuwa litafika pamutu anaimirira, navala chipewa.

"Mlongo, wabzala. Basi ija sidikira munthu."

Ananyamula chikwama, nayenda nacho mpaka pa geti. Ine ndinapereka ndodo kwa agogo anu, ndipo ndinawatsogolera, chifukwa mawu anali atanenedwa kale pamaso pa mwini mbumba, ndipo sikunali kwa ine kuwabweza. Titafika pa geti anagwira chitsulo chake, naima.

"Achimwene, inu munawokerapo fodya n'kuchoka tsiku lomwelo?"

"Fodya ndi fodya."

"Zowokera zimafuna mwini mpaka zigwire. Ndikawasiyira awa, mawa adzathira laimu kuti ziwoneke zaudongo."

Ndinafuna kudziteteza, poti laimu sindikanathira, koma kamodzi m'moyo wanga ndinazindikira kuti si nthawi yokonza mawu a munthu.

Alamu anayang'ana mlongo wawo, nayang'ana ine, naika chikwama pansi, mkati mwa geti.

"Ndiye ndidzabwere liti?"

"Tikakolola."

"Kodi ndere zimakololedwa mwezi wanji?"

"Sindikudziwa, achimwene, ndi chaka changa choyamba," anatero agogo anu. "Pitani mukabzale. Zikacha tidzakutumizirani uthenga."